Zolemba za ntchito yopanga sefa ya mawu ya synthesizer ku Chitakale

Loweruka, 8 Juni 2024

Ndayamba kulemba zolembazi chifukwa ntchito imene ndinkaiyesa ya masabata awiri yalowa mwezi wachiwiri, ndipo zimene ndimayeza usiku ndimakhala nditaziiwala pofika m'mawa, pamene eni mawailesi ndi maampulifaya ayamba kufika pa benchi yanga kuno ku Chitakale. Ntchitoyi inabwera ndi mwana wa mlongo wanga, amene amaimba kiyibodi m'gulu la achinyamata kutchalitchi kwawo. Tsiku lina anandimvetsera nyimbo pa foni yake nati: "Amalume, mukuimva besi iyi mmene ikutsegukira ngati munthu akuyasamula? Kiyibodi yanga siitha kutero. Simungandipangire kabokosi kochita zimenezi?" Chimene ankamvacho ndi sefa ya mawu, imene amisiri amaitchula kuti filter, yopezeka mu synthesizer, chida choimbira chopanga mawu ndi magetsi, ndipo ndinavomera ndisanaganize bwino.

Mawu a chida chilichonse choimbira ndi mafunde ambiri osanjikizana. Noti ya A ya 110 Hz, kutanthauza mafunde 110 pa sekondi, ikaimbidwa ndi mawu a sawtooth, funde looneka ngati mano a sowo, imanyamulanso 220, 330, 440 ndi ena onse otsatira, funde lachiwiri lili ndi theka la kukula kwa loyamba, lachitatu gawo limodzi mwa magawo atatu, mpaka kumtunda. Sefa ya low-pass imalola mafunde otsika kudutsa ndipo imatsekereza okwera, monga sefa ya ufa imasankhira chodutsa ndi chotsala, ngakhale kuti pano chodutsa ndi chokhuthala osati chosalala. Masamu osonyeza kuti pa frequency iliyonse chotuluka ndi gawo lanji la cholowa, komanso kuti chachedwa motani, ndiwo amatchedwa transfer function. Wa rezisita imodzi ndi kapasita imodzi ndi H(s) = 1/(1 + sRC), pamene R ndi rezisita, C ndi kapasita ndipo s imaimira frequency, ndipo malire pamene kusefa kumayambira, amene timati cutoff, ali pa 1/(2πRC).

Lero ndinayesa zimenezi ndi rezisita ya 10 kΩ ndi kapasita ya 10 nF, zimene pa pepala zikupereka 1592 Hz. Pamalire amenewo funde liyenera kutsika kufika pa 0.707 ya kukula kwake, ndiko kuti 3 dB, n'kuchedwa ndi madigiri 45, ndipo kupitirira apo liyenera kutsika ndi 6 dB pa octave iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse imene frequency yawirikiza kawiri. Poyamba manambala anga sanagwirizane ndi pepala ngakhale pang'ono, mpaka ndinakumbukira kuti mita yanga yotsika mtengo inapangidwira kuyeza magetsi a m'nyumba a 50 Hz, ndipo ikapitirira mazana ochepa a Hz imayamba kunama. Oscilloscope, chida choonetsa funde pa sikirini, ndilibe. Tsopano ndikutulutsa mafunde ndi foni, n'kuwajambula pa laputopu ndi pulogalamu ya Audacity, ndipo njira imeneyi yandipatsa malire a pafupifupi 1.5 kHz, kusiyana kumene kapasita yokhayo ingathe kubweretsa.

Loweruka, 15 Juni

Ndinatha sabata ino pa sefa ya Sallen-Key, imene R. P. Sallen ndi E. L. Key anaifotokoza mu 1955 ali ku Lincoln Laboratory ya MIT, ndipo mtundu wake wina uli mu Korg MS-20 ya 1978. Ndinaimanga pa breadboard, bolodi loyeserera losafuna kuwotcherera, ndi TL072 imodzi, kachipangizo kokweza mafunde kotchedwa op-amp. Marezisita awiri akafanana ndiponso makapasita awiri akafanana, kusongoka kwa nsonga ya pamalire kumatsata Q = 1/(3 − K), pamene K ndi kukweza kwa op-amp. K akakhala 1.586 mzere umakhala wosalala, monga Stephen Butterworth anaufunira mu 1930, ndipo K akafika pa 3 sefa imayamba kulira yokha. Zonse zinayenda monga mwa masamu, koma kuti malire asunthe pamafunika kupotokola marezisita awiri nthawi imodzi, ndipo mnyamatayo atamvetsera anati mawu ake ndi owuma. Iye akufuna kutsika kwa 24 dB pa octave, pamene sefa iyi imangopereka 12.

Choncho ndasankha sefa ya makwerero ya Robert Moog, imene patenti yake inatuluka mu 1969 ndipo inatchuka ndi Minimoog ya 1970. Ndaisankhanso chifukwa imangofuna mathiranzisita wamba ndi makapasita anayi, zinthu zopezeka ku Limbe, pamene tizipangizo tapadera totchedwa OTA monga LM13700 tingafunike kuitanitsa kunja.

Loweruka, 29 Juni

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe ndipo ndinabwerako ndi mathiranzisita a BC547 okwana 50, makapasita a 47 nF okwana 20, ndi ma regulator a 7812 ndi 7912. Makwererowa amafuna mathiranzisita khumi oikidwa awiriawiri m'magulu asanu, ndipo pakati pa magulu anayi a kumtunda pamapingasa kapasita. Luso la Moog linali lakuti thiranzisita imakhala ngati rezisita imene kukula kwake kumadalira karenti yodutsamo, motero munthu akachulukitsa karenti ya pansi pa makwerero amasuntha malire a zigawo zonse zinayi nthawi imodzi. Mwa kuwerengera kwanga malirewo ali pa I/(8π·VT·C), pamene I ndi karentiyo, C ndi kapasita, ndipo VT ndi voteji yodalira kutentha ya pafupifupi 26 mV, ndiye kuti ndi makapasita anga karenti ya 31 µA iyenera kupereka 1 kHz.

Mathiranzisita a gulu limodzi ayenera kufanana pa voteji ya pakati pa base ndi emitter, makamaka gulu la pansi ndi la pamwamba. Ndinataya madzulo athunthu ndikupeza manambala osinthasintha, ndisanazindikire kuti zala zanga ndizo zimawatenthetsa, pakuti votejiyo imatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse. Ndinabwereka mapegi oyanikira zovala kwa mayi a kunyumba, amene anandiyang'ana modabwa, ndipo ndikagwira thiranzisita ndi pegi n'kuidikira mphindi ziwiri nambala imakhazikika. Mwa 50 aja ndapeza magulu asanu ndi awiri osiyana ndi 1 mV kapena kucheperapo. Makapasita ndasankha anayi oyandikana kwambiri, chifukwa ena anali pa 43 nF pamene ena anafika pa 51 nF.

Loweruka, 13 Julaye

Sefa yalankhula koyamba Lachinayi usiku, koma masiku atatu a m'mbuyo mwake anali ovuta. Chiperoni chinaphimba phiri lonse moti ngakhale minda ya tiyi ya pafupi sinkaoneka, ndipo bolodi limene ndinali nditangoliwotcherera linkatulutsa phokoso lothetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Karenti ya m'makwerero ndi yochepa kwambiri, makamaka malire akatsitsidwa, moti chinyezi chokhala pa zotsalira za mtovu pakati pa mizere ya veroboard chimakwanira kuisokoneza. Ndinatsuka bolodi ndi sipiriti ndi mswachi wakale, n'kuliumika pafupi ndi mbaula, ndipo phokosolo linatha. Panatsala kung'ung'udza kwa 100 Hz kochokera ku thiransifoma imene ndinaichotsa mu wailesi yakufa, ndipo ndinatsimikiza gwero lake tsiku limene magetsi anazima n'kuyendetsa sefa ndi mabatire awiri a 12 V, pamene inakhala chete bwinobwino. Ndakulitsa makapasita a pa rectifier kufika pa 2200 µF ndipo ndasiyanitsa waya wa ground ya mawu ndi wa magetsi.

Resonance, kumene ndi kukweza mafunde a pamalire penipeni, ikakhala pansi, sefa ikuchita zonse zimene pepala likunena: pamalire funde likutsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kumtunda kwenikweni kutsikako kukuyandikira 24 dB pa octave. Koma ndikayamba kukweza resonance besi ikuthawa. Ndi malire ali pa 1 kHz, funde la 100 Hz limene limatuluka pa 2.0 V likutsika mpaka 0.46 V sefa isanayambe kulira yokha. Mnyamatayo anabwera masana, anaimba manoti atatu, nati: "Amalume, penapake palakwika, chifukwa besi ndiyo ndinkaifuna." Ndinagwirizana naye.

Lachitatu, 24 Julaye

Masiku khumi ndi limodzi ndakhala ndikusaka cholakwika. Ndasintha makapasita onse olumikiza zigawo kuchoka pa 1 µF kufika pa 10 µF, poganiza kuti ndiwo akudula mawu otsika, koma nambala sinasunthe. Ndasintha TL072 kawiri, ndachotsa gulu la pansi la mathiranzisita n'kuikapo lina, ndipo pochita zimenezi ndinang'amba mzere umodzi wa kopa umene ndaulumikiza ndi kawaya. Ampulifaya ya kasitomala wa ku Limbuli yakhala pa shelefu sabata yonse osaigwira, ndipo wandiimbira katatu.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Cholakwika chija kulibe. Dzulo, magetsi atazima ndipo chowotcherera chitazizira, ndinatenga kope ndi pensulo n'kulemba transfer function ya sefa yonse, chinthu chimene ndinayenera kuchita mu Juni koma ndinachinyalanyaza poganiza kuti zigawo zinayi zofanana sizingabise kanthu.

Zigawo zinayi zotsatizana zimapereka 1/(1 + s)^4, ngati frequency tikuiyeza poiyerekeza ndi malire. Resonance imapangidwa potenga gawo la chotuluka, limene ndilitchula k, kulitembenuza n'kulibwezera kolowera, ndipo zikatero sefa yonse imakhala H(s) = 1/((1 + s)^4 + k). Pamalire penipeni chigawo chilichonse chimachedwetsa funde ndi madigiri 45, zinayi pamodzi ndi madigiri 180, kutanthauza kuti funde lafika litatembenuka kale, ndipo tikalitembenuzanso polibwezera limakafika kolowera likugwirizana ndi limene likulowa, n'kuliwonjezera mphamvu. M'masamu izi zikuoneka pakuti pamalire s imakhala j, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imapereka −1, ndipo (1 + j)^4 ndi −4, motero pamalire kukula kwa chotuluka ndi 1/(4 − k). Pa k wa 3 ndi 1, pa k wa 3.5 ndi 2, pa k wa 3.9 ndi 10, ndipo pa 4 pansi pa mzere pamakhala ziro, ndiye nthawi imene sefa imalira yokha popanda cholowa. Mbali imeneyi ndinkaidziwa kale.

Chimene sindinachiyang'ane ndi mbali ya kumunsi. Mawu otsika kwambiri sachedwetsedwa ndi zigawozo, choncho akabwezeredwa atatembenuzidwa amakalimbana ndi cholowa m'malo mochithandiza. Mukaika s kukhala ziro mumatsala ndi 1/(1 + k), ndipo nkhani yonse ya masabata atatu apitawa ili m'kachidutswa kameneka. Pa k wa 2 besi imatsala gawo limodzi mwa atatu, pa k wa 3 gawo limodzi mwa anayi, ndipo sefa ikamayamba kulira imatsala gawo limodzi mwa asanu, kumene kuli kutsika kwa 14 dB. Ndinawerengera funde langa la 100 Hz ndi k wa 3.5 ndipo ndinapeza kuti 2.0 V iyenera kutsika kufika pa 0.46 V, nambala yomweyo imene ndinailemba pa 13 Julaye n'kuitenga ngati umboni wa matenda. Sefa inali bwino kuyambira usiku woyamba, ndipo ine ndinakhala ndikung'amba bolodi lamoyo.

Ndiyenera kuvomereza kuti chizolowezi cha ntchito yanga ndicho chinandisocheretsa. Kwa zaka zambiri chilichonse chobwera pa benchi yanga chimakhala chakuti chinkagwira ntchito kenako n'kuwonongeka, motero ndikamva mawu osandisangalatsa dzanja limathamangira chowotcherera kukasaka kachipangizo kakufa. Chinthu chimene ndachimanga ndekha sichinakhalepo ndi tsiku limene chinali bwino kuti ndichiyerekeze nalo, ndipo chokhacho chonena mmene chiyenera kukhalira ndi masamu aja. Sallen-Key inandizoloweretsanso molakwika, chifukwa kumeneko kukweza K kumakweza besi pamodzi ndi nsonga.

Loweruka, 17 Ogasiti

Popeza kutsika kwa besi ndi 1/(1 + k), mankhwala ake ndi kukulitsa cholowa pamene k akukwera. Ndinaika potentiometer ya mbali ziwiri pa shafuti imodzi, mbali ina yokweza resonance, inayo yowonjezera cholowa, ndipo pa Audacity mzere wa kumunsi unakhala pafupifupi pamalo amodzi. M'makutu zinali zina. Gulu la pansi la mathiranzisita silitsata mzere wowongoka koma mzere wopindika wa tanh ya cholowa chogawidwa ndi 2·VT, pafupifupi 52 mV, ndiye kuti funde la 10 mV limadutsa lili bwino, pamene la 50 mV limapanikizidwa kufika pa 0.74 m'malo mwa 0.96. Nditabwezera besi yonse mawu anayamba kusasa ndipo nsonga ya resonance inafooka, chifukwa besi yaikuluyo inali kudzaza malo onse. Transfer function sinena kanthu za zimenezi, pakuti imangoona mafunde aang'ono. Ine ndakonda kubwezera theka lokha, ndipo ndaika swichi kuti woimba asankhe yekha.

Madzulo mnyamatayo anabwera ndi kiyibodi ndipo anagwira noti ya 110 Hz ya sawtooth, ine ndikutsitsa malire pang'onopang'ono resonance ili pafupi kulira. Mafunde osanjikizana aja anayamba kumveka limodzilimodzi, 880, 770, 660, 550, ngati munthu akutsika masitepe. Ndinakumbukira agogo anga aakazi akuimba nkangala pakhonde, uta wa bango wokhala ndi chingwe chimodzi umene ankaugwira pakamwa. Chingwecho chinkangopereka manoti ochepa, koma iwo akasintha kukula kwa m'kamwa nyimbo yonse inkatuluka pamwamba pake, chifukwa m'kamwamo munkasankha funde limodzi mwa ambiri a chingwecho n'kulikweza. Ndinamufotokozera zimenezi ndipo anaseka, nati: "Ndiye kuti amalume mwatha miyezi itatu kupanga pakamwa pa agogo?" Atayesa swichi mbali zonse ziwiri anaisiya pamene besi sibwezeredwa konse, ponena kuti pamenepo ndipo pakufanana ndi nyimbo ya pa foni ija. Mawu amene anawadandaula mu Julaye ndi amene wawasankha lero, ndipo sindinamukumbutse.

Loweruka, 19 Okutobala

Sindinalembe kwa miyezi iwiri chifukwa sefa inali kutchalitchi ikugwira ntchito. Mnzake wa mnyamatayo, amene amaphunzira ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, anawonjezerapo kakompyuta ka Arduino Nano ndi kachipangizo ka MCP4725 zosandutsa MIDI, uthenga wa kiyibodi wonena noti imene yaimbidwa, kukhala voteji ya 1 V pa octave, kuti malire azitsata noti imene yaimbidwa ndiponso kuti sefa ikamalira yokha iziimbika ngati mluzu. Ndinaitchuna kumapeto kwa Ogasiti m'mawa, themometa ya m'chipinda ikusonyeza madigiri 16. Sabata yatha yabwerera ndi dandaulo lakuti manoti a kumtunda akutsalira.

Ulendo uno ndinayamba ndi pensulo. Karenti ya thiranzisita imawirikiza kawiri voteji ya pa base ikakwera ndi VT kuchulukitsa ndi 0.693, ndipo VT imakula molingana ndi kutentha koyezedwa mu kelvin. Pa madigiri 16 octave imodzi imafuna 17.3 mV, koma pa madigiri 33 amene ndinayeza masana ano pansi pa malata imafuna 18.3 mV. Marezisita anga ogawa voteji akuperekabe 17.3 mV, choncho volt iliyonse ikungokweza 0.944 ya octave, kupereweza masenti 67 mwa masenti 1200 amene amapanga octave imodzi, ndipo pakatha ma octave atatu noti yatsalira ndi toni yathunthu. Nditayeza ndi tuner ya pa foni ndinapeza pafupifupi zomwezo. Kuno kumene Julaye amatifunditsa mabulangete awiri ndipo Okutobala amatitulutsa panja usiku, sefa yotchunidwa kamodzi singakhale pamalo.

Opanga ma synthesizer amagwiritsa ntchito rezisita yapadera imene imakula ndi 0.33 peresenti pa digiri iliyonse, yoikidwa mokhudzana ndi mathiranzisita awiri osandutsa voteji kukhala karenti. Ku Limbe ndi ku Blantyre ndafunsa m'masitolo anayi ndipo sindinaipeze. Koma waya wa kopa umakula ndi pafupifupi 0.39 peresenti pa digiri, ndipo koyilo ya relay yaing'ono ya 12 V ndi waya wa kopa wa 400 Ω. Ndikaiphatikiza motsatizana ndi rezisita wamba ya 68 Ω, zonse zikhala 468 Ω zokula ndi pafupifupi 0.336 peresenti pa digiri, ndipo pamwamba pake pakhala 22 kΩ ndi trimmer ya 10 kΩ. Ndaswa chikuto cha relay, ndachotsa zogunda zake, ndipo ndamata mathiranzisita awiriwo pa koyiloyo ndi guluu wa epoxy.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndinatchuna nthawi ya 5 koloko m'mawa pa madigiri 23, n'kuyezanso 2 koloko masana pa madigiri 34. Pa ma octave atatu noti ya pamwamba yasiyana ndi masenti osapitirira 15, pamene popanda koyilo masamu akuti ikanatsalira ndi masenti oposa 120. Sefa ikangoyatsidwa imafunika mphindi khumi kuti koyilo ndi mathiranzisita zifanane kutentha, ndipo ndalemba zimenezi pa kapepala n'kumata pa chivindikiro kuti anyamata aziyatsa mapemphero asanayambe.

Koyiloyo yabweretsa mavuto ake awiri. Popeza ndi waya wokulungidwa pa chitsulo, imakana kusintha kwadzidzidzi kwa karenti, motero noti ikadumpha voteji ya pa base imayamba yapitirira kenako n'kubwerera, ndipo m'sipika mumamveka kakuthetheka pa chiyambi cha noti iliyonse. Ndaika rezisita ya 390 Ω yotsatizana ndi kapasita mopingasa koyiloyo, ndipo pa 2.2 µF kuthethekako kwachepa kwambiri, koma ndiyesanso 3.3 µF. Vuto lachiwiri ndi lakuti koyilo ikutola 50 Hz kuchokera ku thiransifoma, zimene zikugwedeza malire moti mluzu ukumveka wosasa pang'ono. Kuitembenuza kuti iyang'ane mbali ina kwathandiza, koma thiransifoma iyenera kutuluka m'bokosimo n'kukhala m'kabokosi kakekake pansi. Kalipentala wa kuseri kwa msika wandilonjeza matabwa a paini Lachisanu, ndipo mnyamatayo akufuna sefa ibwerere kutchalitchi Loweruka masana, gulu lisanayambe kuyeserera.